Theka la Dzina

Tinalowa m'manda a mishoni mwezi wa Okutobala,
lupsa litangodutsa, phulusa likununkhabe,
ine ndi Yotamu, mwana wa mlongo wanga,
wilibala ikulira ngati mwanapiye wosokera.
Uko phiri la Mchinji lili duu, kutiyang'ana.

Ziliza makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, anatero akomiti.
Ine ndinawerenga makumi anayi ndi zitatu.
Zinazo chulu chinameza,
ndipo chiswe sichisayinira kuti chalandira.

Mitanda yachitsulo inapita kale panjinga
kwa ogula zitsulo zakutha, pasikelo;
kilo imodzi ya "Usa mumtendere"
siigula n'komwe mchere wa sabata.

Ntchito iyi siifuna phuma.
Ndere uchotse ndi bulashi yofewa ndi madzi a pachitsime,
osati waya, waya amadya dzina pamodzi ndi litsiro.
Yotamu anafuna kumata simenti paliponse,
ndinamugwira dzanja:
mwala wakale umapuma, iwe,
upatse laimu ndi mchenga wosefa wa ku Bua,
simenti imaufinya ngati nsapato yothina.

Tinadzutsa Mphunzitsi Zefaniya Mbewe,
amene anagona chafufumimba zaka zosawerengeka,
mphumi m'dothi ngati akupempherabe.
Tinalumikiza khanda la masiku asanu ndi anayi
limene muzu wa kachere unaling'amba pakati,
tsiku lobadwa uku, tsiku lomwalira uko.
Titaphatikiza, pakati pa masiku awiriwo
ngakhale chikhadabo changa sichinalowe.

Levulo ndinaiika pamutu pa aliyense.
Kadontho kakaima pakati, basi,
katekisiti ndi wotema nkhuni alingana.

Koma kumapeto, pafupi ndi mpanda wa khonje,
panali chiliza chothyoka paphewa.
Chotsala: LIYA. M'munsi mwake, 1949.
Pofuna chidutswa chinacho tinasefa dothi masiku awiri,
tinapeza msomali, khosi la botolo, chigoba cha nkhono.

Lachinayi kunabwera amayi a kwa Kamwendo,
mpango wakuda kumutu:
Ndi Emiliya uyu, azakhali a bambo anga,
anagwa panjira akuchokera kosuma.
Loweruka nkhalamba yotsika minibasi ya ku Chipata,
chipewa m'manja:
Juliya, mayi anga ondibala,
ndinali kumbuyo kwawo, nkhope sindiidziwa.
Buku la mishoni?
Denga linadontha, mvula inanyambita inki ya chaka chonsecho.

Onse awiri anandikokera pambali,
wina ndi tambala, wina ndi makwacha a tsidya lija.
Tchizulo inali m'thumba mwanga.
Zilembo ziwiri kapena zitatu,
ntchito yosafika ndi ola lomwe.

Usiku tulo sitinabwere.
Ndine mmisiri ine, wobwezera zimene zinalipo.
Kunamizira wakufa sindinaphunzire.

M'mawa ndinaumba phewa latsopano, losalala,
ndi kulisiya loyera, lopanda kanthu,
pambali pa LIYA.
Tambala ndinabweza. Makwacha ndinabweza.
Akomiti anadula malipiro: ntchito yosamaliza.
Yotamu sanandilankhule mpaka pa Boma.

Mvula yoyamba itagwa ndinapitako kukaona ming'alu.
Palibe chinasuntha,
Zefaniya ali chiimire, khanda lili lathunthu.
Pa chiliza chija ndinapeza nkhata ziwiri,
ina ya maluwa apulasitiki, ina ya maluwa akutchire ofota,
ndipo pamalo oyera paja
wina anali atalemba ndi khala, wina ndi choko,
mvula n'kusakaniza zonsezo,
kutsetsereka mzere umodzi wotuwa
mpaka kulowa m'dothi,
kwa mwini dzina,
amene yekha ndiye akudziwa
ndipo sanabweze nkhata ya munthu.